Kaunjika wa Mawu

Bambo anga, a Mughogho,
anaphunzitsa Chingerezi zaka makumi atatu ndi chimodzi.
Choko chinawasuwa zala,
ndipo mwana woyankha m'Chitumbuka m'kalasi mwawo
ankapita kwawo ndi mizere ya ndodo m'miyendo.

Atapuma ntchito anagula buku pamsika waukulu,
pakati pa wamaambulera ndi mayi wa nthochi,
buku lopanda chikuto, lonunkha chinyontho,
chiswe chitalawa kale masamba akumapeto.
Linali buku lofukula mizu ya mawu.

Kuyambira pamenepo ku Chibavi sitinagonenso tulo.
Chifunga chisanachoke pamalata, iwo ali:
"Wezi! Windo ukupukutayo ukuidziwa?
Ndi diso la mphepo.
Anaitcha choncho anthu a kumaiko ozizira kuposa kuno,
ikadali kabowo padenga."
Ine phee, chinsanza m'manja,
mphepo ya Juni ikundiyang'anadi.

Mawa lake: banki inali benchi chabe,
pokhalira osintha ndalama.
"Ndiye chake," anatero akumanga sikafu,
"ndimatha tsiku pabenchi kudikira penshoni."
Salale, akuti, muli mchere m'kati mwake,
ngakhale ophunzira amakangana za mmene unaloweramo.
Amayi, osacheuka, akusita malaya:
"Nanga bwanji yanuyo inkatha mchere tisanagule?"

Basi ndi mchira wa liwu lachilatini, lotanthauza ya onse,
mutu wake unatsala m'njira.
Shuga anayenda wapansi kuchokera ku India.
Khofi, yemwe wanyamula dzina la mzinda wathu papaketi,
anadutsa m'kamwa mwa Aluya ndi Ateki
asanafike pamilomo ya Mngerezi.

Koma tsiku la sukulu sanaseke.
Anawerenga kawiri, chala chili pamzere.
Kwa Agiriki, sukulu inali nthawi yopuma,
yocheza mosathamanga, yofunsana mafunso.
Anatseka buku. Tiyi anazizira m'kapu.

Madzulo ake anati:
"Chiyankhulo ndinkachilondera ndi ndodo chija
ngati suti yosokedwa ndi telala mmodzi,
kani ndi kaunjika.
Jekete la uyu, nsapato za uje, lamba wotola.
Pisa m'thumba la liwu lililonse,
upezamo tikiti ya mwini wake woyamba."

Lachiwiri lina, pokwera ku Katoto,
anakwera njinga ya Yotamu Chipofya,
yemwe anasiyira folomu thu, atatopa nayo ndodo.
Mnyamatayo anawazindikira, napalasa osayankhula.
Pamtunda, pomwe tcheni chimalira,
bambo anatsika n'kuyamba kukankha nawo njinga.
Zomwe anakambirana sindizidziwa.
Ndimangodziwa kuti anayankhula Chitumbuka njira yonse,
ndipo Yotamu anakana ndalama,
iwo n'kumuikira m'thumba mokakamiza.

Ngakhale dzina la Mzuzu, ankatero,
akuluakulu amati ndi lilime la mlendo
lomwe linapunthwa pa dzina la kamtsinje.
Tikukhala m'kati mwa liwu lotsimphina,
ndipo latikwana bwinobwino.

Kuchipatala chachikulu, mvula ikuwaza,
anandikodola ndi chala choyera chija.
"Gudubayi," anatero, "usamamuone kuuma.
Kale anali dalitso lathunthu: Mulungu akhale nanu.
Anthu analiponda tsiku ndi tsiku pakhomo
mpaka linaperepeseka ngati chidendene cha patapata."
Anapuma pang'ono.
"Ine ndikupatsa lonse, losadula."

Bukulo lili ndi ine.
M'mphepete mwa masamba muli pensulo yawo,
tizilembo topendama ngati chimanga cha pamphepo.
Patsamba lomaliza lomwe chiswe chinasiya
anayamba mndandanda wawowawo:
zenera, nsapato, kalata, galimoto,
pambali pake funso: awa tinawatenga kwa yani,
nanga ife tinapereka chiyani?

Pansi pake palibe kanthu.
Pensulo ndaisongola.