Beseni la Nachanza

Kamera iyi ndinaigula pa Lizulu,
pakati pa milu ya kabichi ndi nsapato za kaunjika.
Wogulitsa anati inachokera ku Joni,
kabuku kake kanatsala komweko.
Ndiye ndakhala ndikuipapasa ngati nyumba yachilendo usiku:
kagudumu apa, kabatani apo,
timanambala tondiyang'ana mwachipongwe.

Ndikaitong'ola diso,
phiri la Dedza limasungunuka, kutsala pepala loyera mbee.
Ndikaitsinzinitsa,
masana dzuwa lili paliwombo amasanduka mdima wa ndiwe yani.
Ndikati iphethire mochedwa,
chisanu cha Juni chimandigwedeza dzanja,
mbuzi imodzi n'kutuluka ndi mitu itatu.

Pa ukwati wa Lufina ku Bembeke
ndinalonjeza zithunzi makumi anayi,
theka la ndalama ndinadyeratu.
Diresi loyera, nkhope yakuda bwino ngati nthudza yakupsa,
kamera inakana kunyamula zonse ziwiri.
Ndikapulumutsa diresi, mkwatibwi analibe nkhope.
Ndikapulumutsa nkhope, diresi linkayaka moto.
M'tchalitchi ndinayatsa fulashi,
ankhoswe onse maso psuu,
ngati afisi owapeza ndi tochi kukhola.
Amalume ake a Lufina
mpaka lero akandiona amawoloka msewu.

Lachiwiri lina chifunga chitangoyalula,
ndinaima pamsewu pomwe Nachanza amagulitsa kachewere.
Dzuwa linali kumsana kwake.
Ndinadina kasanu ndi kawiri,
kasanu ndi kawiri ndinapeza chithunzithunzi chovala duku.

“Inu bambo, mukunditchingira makasitomala.
Taonetsani.”
Anasuzumira pakagalasi, n'kuseka mpaka kutsokomola.
Kenaka anakhuthula beseni lake lachitsulo,
kulipukuta ndi nsonga ya chitenje,
n'kupatsira kamnyamata kake:
“Ima apo, Yotamu. Ligwire dzuwalo, undiponyere.
Pendeketsa. Osati m'maso, iwe!
Ndi mmene timasakira ndalama ikagwera kunsi kwa bedi.”

Kuwala kunanjanja pabeseni,
kunakwera khosi, kunapeza chibwano,
kachipsera kakale pansi pa diso,
mpata wa m'mano,
fumbi lofiira la kumunda m'mphepete mwa duku.
Munthu yense anatulukira,
amene kamera yanga inkamubisa.

Ndinadina kamodzi.

Musandifunse manambala a tsiku limenelo,
sindinawayang'ane n'komwe.
Ndinagula ndowa yathunthu ya kachewere
yomwe kunyumba sankaifuna,
ndinaisenza mpaka pa siteji, kamera ikundimenya pachifuwa.

Mapiri akundithawabe.
Chifunga chikatsika mu paini ndimabwerako ndi utsi wokhawokha,
ndipo mbalame sizinayambe zandidikira.
Koma masiku ano ndikamapita kojambula,
kamera pakhosi, beseni kukhwapa,
amayi a pamsika amandikuwira:
“Lero mwatenga chiyani, achimwene, tomato?”
Ndimangoti ayi,
n'lopanda kanthu,
ndikukatungira dzuwa.