Mitengo Iwiri pa Bolodi

Zaka zitatu ndakhala ndikusoka mayunifolomu, Mwatitha,
kolala ndi kolala, pakhonde lathu ku Mufakose,
mpaka madola anakwana mazana asanu ndi limodzi
m'chitini chija amako ankasungiramo mabatani.
Lero ndawakulunga m'mpango,
ndakwera kombi ya m'bandakucha
dzanja lili pambali ngati wodwala kapamba.

Unati kwanuko ku Leeds madola sagula kanthu.
Unatinso, "Bambo, musakasinthe pabwalo la ndege,
kumeneko amameta munthu popanda madzi."
Ndinamva.

Kubanki ndaima pamzere mpaka mawondo ayamba kulankhula.
Bolodi ili ndi mitengo iwiri,
wogulira ndi wogulitsira,
ndipo kampata ka pakati pake kamaoneka kakang'ono
koma mungalowe masiketi khumi ndi anayi, ndi mazipi omwe.
Mtsikana wa pawindo watola ya madola makumi awiri,
waiunika, wandibwezera.
Akuti yang'ambika pakona, yatopa.
Inde yatopa, mwana iwe,
inagona m'kamisolo ka mayi wa tomato ku Mbare
isanafike kwa ine.
Zotsalazo akuti mapaundi 410, atachotsa yawo.
Ndathokoza, ndavala chipewa.

Ku Roadport mnyamata wandinunkhiza ndisanafike.
Tapfuma dzina lake, kapena ndi la lero lokha.
"Sekuru, 450, pompano, popanda fomu."
Zala zake zikuthamanga pa mpukutu wa ndalama
kuposa singano ya makina anga,
ndipo mnzake waima kumbuyo kwanga osanena kanthu.
Malovu anadzadza, sindikubisa.
Koma ine nsalu ndimaidziwa poigwira,
ndipo paundi sindinaigwirepo chibadwire.
Akandipatsa pepala lojambula, ndikadziwira kuti?
Ku Leeds, pamaso pa mpongozi?

Ndakhala pa benchi, majakaranda akundigwera paphewa,
ndakumbuka agogo ako a Jailosi,
anachoka ku Dedza wapansi kudzaphikira azungu kuno,
nasunga penshoni yonse m'sutikesi.
Chaka cha maziro chija tinaitsegula:
mapepala odzadza mpaka chivundikiro
osakwana buledi mmodzi.
Anaseka mpaka kutsokomola.
Kuyambira pamenepo ndalama ndimaipatsa moni
ngati mlendo amene sagona.

Safunsa anadya phula, ndiye ndafunsa.
Mawindo anayi, pensulo kukhutu,
kulemba kuseri kwa risiti ya ulusi.
Wina mtengo wokoma, koma komishoni yabisala pansi
m'timalemba tofuna magalasi.
Wina mapaundi atha, bwerani Lachisanu.
Ndaphunzira funso limodzi lokha, lalifupi:
mukadula zanu zonse, m'dzanja langa mugwa zingati?

Pafupi ndi Eastgate, kukwera masitepe,
mayi wina wa magalasi, Mai Chidochashe pa baji,
sanathamange.
Wandipempha pasipoti ndi tikiti,
wawerenga kawiri, watembenuzira makina kwa ine:
427.
Ndati, "Mayi, ndayenda tauni yonse ndi miyendo iyi."
Wandiyang'ana nsapato,
waonjezera atatu.
Ndapempha zing'onozing'ono, za basi ndi tiyi,
ndawerenga ndekha pomwepo, pang'onopang'ono,
a pambuyo panga akung'ung'udza.
Ang'ung'udze. Sanasoke nawo.

Ndiye ndi izi, Mwatitha, mapaundi 430.
N'zoterera ngati pepala la switi,
zopepuka moti ndachita manyazi:
zaka zitatu kulowa mu envulopu imodzi
osaitupitsa n'komwe.

Usiku uno ndikusoka kathumba m'kati mwa buluku,
mizere iwiri, ulusi wa mayunifolomu womwewo.
Uuze mdzukulu wanga kuti jekete lake ndamaliza,
ngati manja atalika tidzapinda.

Ya makumi awiri yong'ambika ija ndaibwezera m'chitini.
Ikhale, iyang'anire nyumba.
Ndikadzabwera idzandigulira buledi ndi palafini
kuno, kumene sationa kutopa
ife awiri.