Phewa Silinama

Inu mwachokera ku Zomba ndi buku lalikulu,
mwati mukufuna mboni.
Mboni nayi: phewa langali.
Khudzani, musaope, si chithupsa,
ndi zaka zisanu za mtengo wa machila.

Tsiku lomwe tinakamulandira pa doko la Diamphwe
anali wopepuka ngati mtolo wa mapesi.
Kamtedza anaseka, amvekere, uyu mphepo itilanda.
Tinamutula pa Bwaila nyimbo isanatithere m'kamwa.
Lero anthu anayi
sitifika naye pa Lingadzi osasinthana kawiri.
Dzina loti Sakhuta sitinamupatse ndife,
anachita kulidya yekha.

Lembani.
Msonkho anati ndi wa nyumba.
Chaka chachiwiri nkhokwe inasanduka nyumba,
chachitatu khola la nkhunda.
Nankhoma wa ku Chinsapo anakhoma kawiri dzinja limodzi
poti kapepala kake kanadyedwa ndi chiswe
ndipo m'buku la bwana dzina lake munalibe.
Chiswe cha kuno chimadziwa kuwerenga,
chimayambira pa mapepala a akazi amasiye.

Ndalama za mlatho zinabwera.
Ndikudziwa, bokosilo ndinalisenza ndine,
lachitsulo, linkalira m'kati ndikaponda mwala.
Mlathowo mwauona?
Paja dzulo mwawoloka Lilongwe
muli pa khosi pa Kamtedza, nsapato zili m'manja.

Njerwa tinaumba mwezi wathunthu, akuti za nyumba ya odwala.
Pitani kuseri kwa boma,
odwalawo muwapeza akubzikula,
ali ndi nyanga, ali ndi michira.
Iliyonse inalowa m'menemo ndi mlandu wake.
Awiri akakanganirana mbuzi, onse amabwerera ndi chingwe chokha.

Mng'ono wanga Mphadzula anafunsa malipiro a miyezi itatu.
Anamulipira pa bwalo, anthu akuona,
makumi awiri ndi zisanu,
msilikali akuwerenga mokweza kuti pasasowe n'chimodzi chomwe.
Ndi tsiku lokhalo limene boma lino linapereka zokwanira.
Mpaka lero amagona chafufumimba.
Mkazi wake ndiye amalima.

Ine sindidziwa ngati zomwe ndikunenazi
n'zomwe zikukufikani.
Wotanthauzirayu malaya avalawa anali a bwana,
ndikalankhula mawu khumi iye akunena atatu
ndipo inu mukumwetulira.
Kaya wakuuzani kuti ndikuyamika mvula.

Komabe lembani, ngakhale atatuwo.

Usiku tinakuonani pa khonde,
nyali pakati, matambula akugundana.
Ife tinali pansi pa mkuyu, tikuwamba mapazi.
M'mawa uno pa katundu wanu pawonjezeka mtolo wautali
wokulungidwa mu mkeka, wopindika kumapeto,
ndipo atiuza kuti tisaugwetse.
Njovu ija inafera ku Dzalanyama mwezi watha
tinkadabwa kuti mano ake alowera kuti.

Sindikunena kanthu, bwana.
Wonyamula machila alibe pakamwa, ali ndi nyimbo basi.
Mawa tambala akalira tikunyamulani,
ine kutsogolo, Kamtedza kumbuyo,
tidutsa pa Kawale mame asanaume.
Pobwera munali opepuka, ndikukumbukira bwino,
ndinauza anzanga kuti uyu mwina.

Bukulo mulitseke, mulimange ndi chingwe,
zomwe zili m'menemo ife sitidzazimva.
Koma tikamafika pa Diamphwe
phewa lidzakhala litandiuza kale
momwe mlandu wathu wathera.