Mapapo a M'botolo

Ku Oruro, kumene mapiri amakubera theka la mpweya
usanayambe n'kupuma komwe,
tinalipo khumi ndi anayi m'kalasi yozizira,
aphunzitsi a mawa a bayoloje, zala zitachita dzanzi.

Mayi Erlinda Ayaviri anakhuthulira patebulo
mabotolo apulasitiki, mabaluni ofiira, timachubu ndi lumo.
Anati, Pangani chifuwa.

Ndinadula botolo kumatako,
n'kulitseka ndi baluni wokokedwa ngati chikopa cha ng'oma.
M'kati ndinakolekamo mabaluni awiri pa kachubu kamphanda.
Nditakoka chikopacho, awiri aja anafufuma.
Nditachisiya, anafota.
Wilber, wa pambali panga, anawomba m'manja
ngati tapanga munthu.

Mayi Ayaviri sanaseke nafe.
Anatembenuza botolo langa, maso pa ine:
Zulma, chifanizo chilichonse chimanena zoona pang'ono,
kwinako chimanama.
Ana ako akadzafunsa, udzawauza kuti ichi chikunama pati?

Wilber anati chilibe nthiti.
Wina anati chilibe magazi.
Wina anati mapapo si matumba opanda kanthu,
ndi timapanga tambirimbiri ngati chisa cha njuchi.
Ine kukamwa gwa!

Ndinkamva chifuwa cha bambo anga ku Huanuni,
zaka makumi awiri ndi zitatu pansi pa mgodi,
mmene chimalirira usiku ngati chitseko chadzimbiri,
mmene amaimira katatu pa masitepe asanu ndi awiri
akunamizira kumanga chingwe cha nsapato.
Mabaluni anga anali osalala, omvera,
mapapo a munthu amene sanalowepo m'thanthwe.

Usiku umenewo sindinawerenge za mayeso.
Ndinakutumula jekete lawo lakale pa nyuzipepala,
fumbi lotuwa linagwa, lokwana supuni imodzi.
Ndinalisakaniza ndi guluu wa nsapato,
n'kupaka baluni wa kumanzere,
n'kumusiya pawindo kuti mphepo imuumitse.

M'mawa ndinakoka chikopa chija.
Wa kumanja anafufuma monga dzulo.
Wa kumanzere anangonjenjemera,
kuyesa, kuyesa, n'kulephera.
Ndinakoka mwamphamvu mpaka dzanja kupweteka.
M'kalasi munali zii.

Tsopano chikunena chiyani? anafunsa mayi aja.
Ndinati, Kuti vuto si kusowa kwa mpweya kunjaku.
Mpweya ulipo. Papo ndi limene lakana kutambasuka.

Nanga chikunama pati?

Ndinati, Fumbi ndalipaka kunja,
pomwe lenileni limalowa m'kati, n'kusiya zipsera.
Guluu wauma usiku umodzi,
pomwe chifuwa chimauma chaka ndi chaka, mwakachetechete.
Komanso baluni ameneyu ndikhoza kumuchotsa
n'kuikapo wina.

Apo mawu anandithera.

Mayi Ayaviri analemba zinthu zitatuzo pabolodi,
choko chikuthyoka ndi kuzizira,
n'kutiuza tipange lachitatu, loposa ili.

Mwezi wa mawa ndikayamba kuphunzitsa moyeserera ku Huanuni,
ana makumi atatu, ambiri mwa iwo a anthu a mumgodi.
Botolo lili m'chikwama, lokulungidwa mu juzi.
Sindidzawauza yankho.
Ndidzawapatsa chikopa kuti akoke okha,
kenako ndidzafunsa: Chikunama pati?
Ndipo ndikuopa, pang'ono,
kamwana kamene kadzangokhala chete.