Nanga Inu, Bambo?

Makina ako osokera, Asiyatu,
tinawafunditsa chitenje.
Akadali pakona, singano ili m'kati mwa diresi la Idi
la mwana wa Abiti Sumani,
lomwe unati ulimaliza Lachiwiri.
Lachiwirilo linakupeza m'chipatala,
pakamwa patapotoka, dzanja lamanja lili lende
ngati lamba wa makina woduka.

Adokotala anati ndi sitiroko.
Abale ako a ku Songani anati ndi anthu,
anzako a pa Mpondabwino, nsanje.
Ine sindinanene kanthu. Ndinaphunzira kukutembenuza,
kukusambitsa, kukumanga mpango
umene sukhala bwino ndikamanga ine.

Mwendo unayamba kumva mwezi wachitatu.
Koma iwe unatembenukira kukhoma.
Phala limazizira pampando.
Ndikatsegula zenera kuti uone phiri
litafunda nkhungu yake, umati tseka.

Usiku wina unakoka mawu:
"Ndi-ne ka-tu-ndu."
Ndinatuluka, ndinakaima kuseri kwa bafa
kumvetsera Likangala akudzaza,
ndipo ndinadana nawe pang'ono. Ndivomere.
Ndinadana ndi beseni, fungo la sopo, ndi ine ndemwe.

Ku fiziyo, mtsikana wa yunifolomu anati
kuli mayi wina amacheza ndi olemedwa mtima.
Ndinakwiya. M'tauni muno tikuudziwa
msewu wopita ku Mentolo,
ana amatukwanirana nawo.
"Mkazi wanga si wamisala."
"Ayi bambo, n'kukhumudwa. Kumabwera ndi matendawa
monga chifuwa chimabwera ndi Juni."

Mayi Nkalodzwa alibe jekeseni.
Ali ndi mipando isanu ndi umodzi, wina wothyoka msana,
ndi kope la ana asukulu.
Anakudikira. Sanakumalizire mawu
monga ndimachitira ine pofulumira.
Unatenga nthawi yoti munthu n'kufika pa Chinamwali wapansi
kuti unene kuti umalota ukusoka,
n'kudzuka dzanja lili gone.
Sanati limba mtima.
Sanati ena zawo n'zoposa apa.
Anati, "Zimenezo n'zowawa," nakhala nawe chete.

Kenaka anatembenuka.
"Nanga inu, bambo Wisikesi, mumagona?"

Miyezi isanu anthu akundifunsa, "Adzuka bwanji odwala?"
ine n'kumayankha ngati mlonda wa pageti.
Funso ili linandipeza ndilibe pogwira.
Ndinalira pamaso pa msilikali wopuma wa ku Kobe
amene amakankha mkazi wake panjinga.
Anandipatsa hanki yonunkha fodya.
"Ine ndinalira sabata yatha," anatero.

Ntchito anatipatsa ndi yochititsa manyazi kuchepa kwake:
iwe uzikhala pakhonde m'mawa uliwonse
mpaka dzuwa lifike pa msampha wa madzi,
ine Loweruka ndizikusiya ndi mlamu
ndikasewere bawo, osapepesa.
Loweruka loyamba ndinabwerera pamlatho.
Lotsatira ndinafika, anandidya nkhomo zonse,
ndinaseka, kenaka ndinachita mantha ndi kusekako.

Sindinama, masiku ena ukadali wa kukhoma.
Dzana unagwetsa kapu dala.
Mapiritsi a bipi anatha kuchipatala,
tinagula kufamase ndi ndalama ya makala.
Lachinayi lina sitinapite, kabaza anakana
kuti mvula yaononga njira ya ku Sadzi,
ndipo m'mtima ndinakondwa.

Koma m'mawa uno waloza pakona ndi chibwano.
Ndavundukula chitenje. Fumbi.
Waika phazi lamanzere pa chopondera,
ine ndagwira nsalu monga wandilozera,
msoko wayenda mokhotakhota ngati msewu wa ku Chawe.
Wauyang'ana nthawi yaitali.
"Phwa-su-la. Wa-i-pa."

Idi inadutsa kalekale,
mwana uja diresili silingamukwanenso.
Ndikuphwasula, Asiyatu. Ulusiwu ukuvuta,
magalasi ndaiwala kuchipinda.
Usandifulumize.