Manja Anga Akunjenjemerabe

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndagwira poka,
chitsulo chobangula chija timalowetsa m'konkire
kuti mpweya uthawe, miyala ikhazikike.
Madzulo ku Chilobwe ndikanyamula kapu ya tiyi
imagwedera ngati makina sanazimitsidwe.

Lachiwiri, pansanjika yachitatu ku Ginnery Corner,
injiniya Mwatitha Kaliwo anati ndiike poka pansi.
Mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga wachiwiri!
Anadzaza chitini chopanda thako, n'kuchizula,
konkire n'kudziyala yokha pathabwa ngati phala la khanda,
iye n'kuyeza ndi tepi, n'kulemba m'kabuku.

Ndinafunsa: mwathiramo chiyani, mayi?
Simenti tachepetsa, anatero,
taonjezera phulusa la mankhusu a mpunga,
timankhwala ta m'chigubu,
ndi fumbi la kukwale, lija amangotaya.

Fumbi limenelo ine ndikulidziwa.
Amayi anga ankaswa miyala m'munsi mwa Soche,
hamala kudzanja lamanja, lamanzere lokulunga sanza.
Ogula ankawerenga mawilibala, n'kumapita;
fumbi silinali pamtengo.
Linkatsala m'nsidze, m'chitenje, m'mbale ya ndiwo,
lina linatsala m'chifuwa,
tinakaliona ku Gulupu pachithunzi cha adokotala
patatsala miyezi iwiri.

Ndiye tinathira m'chipilala.
Popanda kubangula, popanda kuphiphiritsa.
Ndinatsamiritsa khutu pathabwa
ndipo ndinaimva ikukwawa pakati pa zitsulo,
ikufunafuna ngodya iliyonse
monga munthu wolowa m'nyumba yomwe anabadwiramo
magetsi atazima.
Kwa nthawi yoyamba pantchito pano
ndinamva wogulitsa mandasi akuitana kumsewu.

Dzulo tachotsa matabwa.
Palibe zisa za njuchi, palibe pomata.
Afolomani a Likoswe akuti poka ibwerera kusitolo,
ine ndizizungulira ndi misomali
kutseka mipata, chifukwa konkire iyi
ikaona kabowo siipempha chilolezo.
Za malipiro sananene. Sindinafunse.

Anzanga atatsika kukadya
ndinatsala, n'kugunditsa chikhatho pachipilalacho.
Chosalala ngati chipumi.
Dzanja langa linkanjenjemera monga mwa masiku onse,
icho chili chilili, duu,
chitasenza nsanjika ziwiri zomwe sizinamangidwe.

Amayi, chija munkachiphumphutha m'mutu madzulo
lero chalembedwa m'kabuku,
achiyeza pasikelo, chabwera palole.
Sindikudziwa ngati ndiseke.