Chimanjamanja

Tatsika minibasi pa boma dzuwa lisanatuluke,
anthu khumi ndi anayi, majuzi ofanana,
aliyense ndi botolo lake la madzi ngati khanda.
Chisanu cha Juni chatilonjera ndi mbama.
Anzanga a ku ofesi akuti, "Eee, koma Dedza!"
Ine ndangoti chete.
Mphepo iyi imandidziwa ndi dzina langa laubwana.

Kadammanja, wotitsogolera, akutchula malamulo:
osasiya gulu, osataya mapepala,
wotopa anene msanga.
Akuloza njira ndi ndodo yake yachitsulo,
njira yomwe ndinaiphunzira ndi zidendene zaming'alu
ndili sitandade fayifi.

Nsapato izi ndinagula pa kaunjika ku Lilongwe,
zolemera ngati njerwa, zamano kunsi,
koma phazi m'katimo likuyenda ulendo wakewake,
likudziwa pali muzu,
likudziwa poterera.

Talowa m'mapaini. Fungo la utomoni lili guu.
Wina akujambula nkhungu,
wina akujambula wojambula nkhunguyo.
Foni ya Mwatitha ikuwerenga mapazi,
"Zikwi zinayi kale, anthuni!"
Ife sitinkawerenga mapazi.
Tinkatchera khutu ku likhweru la mlonda wa nkhalango,
chikwanje titabisa m'chitenje,
mtima uli thi thi thi ngati mtondo wa m'mamawa.

Pa mwala uja wonga chipumi cha ng'ombe
takumana ndi amayi atatu akutsika,
mitolo ya nkhuni yotalika kuposa eni ake,
makosi ali njo, maso ali pansi.
Tapatuka.
Anzanga apereka moni wofewa,
wina wakweza foni.
Wachitatuyo waima.
Mtolo watembenuka pang'onopang'ono ngati muvi wa wotchi.
"Kodi si Esinta uyu? Wa kwa Kapalamula?"

Lezina.
Tinkapota nkhata limodzi,
tinkadya masuku osapsa mpaka pakamwa kumangika,
tsiku lina tinabisala m'phanga mvula ya matalala ikuswa miyala,
iye akuimba kuti ine ndisalire.
Dzino lakutsogolo lija linapita.
Kuseka kwake kulipo konse.

"Ukukatenga chiyani kumtundako?"
Ndati palibe.
"Palibe?"
Ndati tikungokwera basi, kukaona.
"Kukaona ndani?"
Waseka mpaka mtolo wapendama,
waugwira ndi dzanja limodzi, wapukuta msozi ndi linalo.
"Munalemera anzathu.
Kutopa mumachita kugula."
Wandigwira phewa, dzanja lokhakhala ngati khungwa,
n'kutsika,
zala za kumapazi zikuluma njira,
nsonga za nkhuni zikuvomera pa sitepe iliyonse.

Kuyambira pamenepo njira sindikuidziwa.
Zaka zonse zija ndinkathera pakati pa phiri,
pomwe mtolo wakwanira ndi pomwe phiri linkathera.
Kotsalaku ndikukwera ngati mlendo aliyense,
wefuwefu, lilime lili panja,
ndikufunsa Kadammanja ngati tatsala pang'ono.
Akunama kuti inde.

Pamwamba pali nsanja za mafoni,
mphepo ikulira m'mawaya ngati mfiti yosochera.
Tawuni yagona pansi ngati mphale yoyanika pamphasa,
msewu wa tala kaulusi kakuda,
malole onyamula mbatatesi tinyerere chabe.
Uko ndi ku Mozambiki, kopanda mpanda,
minda yake yofiira ngati yathu yomwe.
Ndafunafuna denga la kwathu,
ndalipeza ndi mtengo wa mapichesi uja.
Khwangwala wadutsa munsi mwa mapazi anga.
Zaka makumi anayi ndi ziwiri
ndipo msana wa khwangwala ndauona lero.

Akuti tijambulitse, manja m'mwamba.
Ndakweza.
Tadya mabanzi ndi nthochi, tagawana mtedza wokazinga,
wina wati chaka chamawa tikakwere Mulanje.

Potsika, mawondo akunjenjemera,
ndatola kanthambi kouma m'njira,
kena,
kenanso,
mpaka Mwatitha wafunsa, "Nanga izo n'zachiyani?"
Ndayang'ana m'manja mwanga.
Paliwombo, pansi pa chipewa chatsopano,
pakuyabwa pomwe pankakhala nkhata.